Khansa ya m'magazi imabisala kuti ikaoneka ngati yatha?

Nkhani yathu lero ndi ya khansa ya m'magazi, imene kuchipatala amaitcha leukemia. Pali funso limodzi limene limazunguza mutu aliyense amene anadwazikapo matendawa. Wodwala walandira mankhwala, magazi ayezedwa, adokotala anena kuti maselo a khansa sakuonekanso. Munthu uja wayamba kudya, thupi labwerera, ngati ndi mwana wayambanso sukulu. Ndiye pakapita miyezi, mwina chaka, mwina zaka ziwiri, matenda aja ndi awa atulukiranso. Abale amafunsa kuti, "Adokotala, si munati yatha? Nanga inali kuti nthawi yonseyi?"

Funsoli ndi lakale. Chakumapeto kwa 1947, mumzinda wa Boston ku America, dokotala wina dzina lake Sidney Farber anayamba kubaya ana odwala khansa ya m'magazi mankhwala otchedwa aminopterin. Masiku amenewo mwana akapezeka ndi matendawa sankatha miyezi yambiri. Mwa ana 16 amene Farber anawalemba mu lipoti lake la 1948, ana 10 anapeza bwino. Kutentha thupi kunatsika, ana anadzuka pabedi, magazi awo anayamba kuoneka ngati a mwana wabwinobwino. Sipanapite nthawi, khansa inabwerera. Madokotala anazindikira kuti mankhwala angathe kupha maselo a khansa ambirimbiri, koma pali china chake chimene chikutsala. Panapita zaka pafupifupi 50 chinthucho chisanagwidwe ndi manja, ndipo chinagwidwa ku Toronto m'dziko la Canada.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi kumene magazi amachokera. Ambirife timati amapangidwa mumtima kapena m'chiwindi. Ayi, amapangidwa m'kati mwa mafupa, m'mafuta ofiira aja timawaona tikaswa fupa la nkhuku. Kwa munthu wamkulu ntchitoyi imachitika makamaka m'mafupa a m'chiuno, a msana, nthiti ndi fupa la pachifuwa. Ndi ntchito yosapuma chifukwa maselo a magazi sakhalitsa. Selo lofiira, limene limanyamula mpweya, limakhala masiku pafupifupi 120 basi. Timaselo toumitsa magazi tikadzicheka, mapulateleti, timatha m'masiku osapitirira 10. Maselo ena oyera olimbana ndi tizilombo satha ngakhale sabata. Choncho pa sekondi iliyonse thupi lanu likupanga maselo ofiira atsopano oposa 2 miliyoni. Chiyambire kulankhula kwangaku, mafupa anu apanga kale maselo mamiliyoni mazanamazana, inu muli phee kumvera wailesi.

Unyinji wonsewu umachokera ku kagulu kochepa kwambiri ka maselo oyambitsa, amene asayansi amawatcha ma stem cell a magazi. Ofufuza a ku Cambridge ku Britain mu 2018 anayerekeza kuti munthu wamkulu ali ndi maselo otere pakati pa 50,000 ndi 200,000 amene akugwira ntchito. Selo loyambitsa lili ndi mphamvu ziwiri. Likagawikana limatha kubereka linzake lofanana nalo ndendende, motero mtundu wake sutha. Limathanso kubereka ana amene amachulukana mofulumira, n'kukhwima, ena kusanduka ofiira, ena oyera, ena mapulateleti. Anawo amagwira ntchito n'kufa. Kholo lija limatsala, ndipo nthawi zambiri limakhala lili m'tulo, kugawikana mwina kamodzi pa miyezi yambirimbiri. Mawu akuti tulo muwasunge, tiwafunanso kutsogoloku.

Amene anatsimikiza kuti maselo amenewa alipodi ndi anthu awiri a pa Ontario Cancer Institute ku Toronto, James Till, katswiri wa fizikisi, ndi Ernest McCulloch, dokotala wa magazi. Iwo sankafunafuna maselo oyambitsa. Ankafuna kuyeza mmene cheza cha radiyeshoni chimaonongera mafuta a m'mafupa. Ankatenga mbewa za mu labotale, n'kuziwotcha ndi cheza mpaka mafuta a m'mafupa mwake afe, kenako n'kuzibaya maselo ochokera m'mafupa a mbewa zina. Patapita masiku pafupifupi 10, McCulloch anatumbula mbewazo n'kuona timatuza tooneka ndi maso pa kapamba wa mbewa iliyonse. Anatiwerenga. Mbewa imene inalandira maselo ambiri inali ndi timatuza tambiri, yolandira ochepa inali ndi tochepa, ndipo masamu ake ankagwirizana: pa maselo 10,000 alionse obayidwa, pankatuluka katuza pafupifupi kamodzi. M'kati mwa timatuzato munali maselo a magazi a mitundu yosiyanasiyana. Analengeza zimenezi mu 1961, ndipo mu 1963, mothandizana ndi wophunzira wawo Andrew Becker, anaonetsa kuti katuza kalikonse kanachokera ku selo limodzi lokha.

Tsono khansa ya m'magazi ndi chiyani? Ndi pamene selo lina m'mafupamo laonongeka malangizo ake a mu DNA, n'kuyamba kubereka ana amene sakhwima. Amachulukana koma sagwira ntchito, ndipo amadzaza m'fupa mpaka maselo abwino kusowa malo. Zizindikiro zake zonse zimachokera pamenepa. Maselo ofiira akachepa, munthu amayezuka, amatopa, amapuma mobanika. Mapulateleti akachepa, nkhama zimatuluka magazi, kamfuno sasiya, pakhungu pamabwera mawanga akuda ngati wamenyedwa. Maselo oyera abwino akachepa, matenda alionse amangolowa, thupi limangotentha. Mafupa amawawa chifukwa m'kati mwadzaza. Ilipo ya mitundu ingapo. Ina imathamanga n'kupha m'masabata ochepa, monga AML imene imagwira kwambiri akuluakulu, ndi ALL imene imakonda ana. Ina imayenda pang'onopang'ono kwa zaka, monga CML ndi CLL.

Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti maselo onse a khansa ndi ofanana, lililonse lingathe kuyambitsanso matenda. John Dick, wasayansi wa ku Toronto komweko, anafuna kuyesa ngati zili choncho. Vuto linali lakuti sungabaye munthu khansa kuti uone ngati imera, ndipo ukabaya mbewa wamba maselo a munthu, chitetezo cha m'thupi mwake chimawapha. Dick anagwiritsa ntchito mbewa zobadwa zopanda chitetezo chokwanira, zimene thupi lake silikana maselo achilendo. Gulu lake, motsogozedwa ndi Tsvee Lapidot, linatenga magazi a anthu odwala AML n'kubaya mbewazo, zina maselo ambiri, zina ochepa, zina ochepetsetsa. Zotsatira zinatuluka mu 1994 m'magazini ya sayansi yotchedwa Nature. Maselo ambiri a khansa, ngakhale ankaoneka oopsa pa maikulosikopu, analephera kuyambitsa matenda m'mbewa. Amene anatha kutero anali pafupifupi limodzi mwa maselo 250,000 alionse.

Sanalekere pomwepo. Anasankhula maselowo potengera zizindikiro za pakhungu lawo, n'kupeza kuti oyambitsa khansawo anali m'kagulu kokhala ndi chizindikiro chotchedwa CD34 koma kopanda china chotchedwa CD38. Chodabwitsa n'chakuti maselo abwino oyambitsa magazi nawonso amaoneka chimodzimodzi. Mu 1997 Dominique Bonnet ndi Dick anapitiriza. Anatenga khansa imene inamera m'mbewa yoyamba n'kuibaya m'mbewa yachiwiri, ndipo inameranso, yofanana ndi ya wodwala uja. Apa zinaoneka kuti khansa ya m'magazi si chipwirikiti chabe. Ili ndi dongosolo lobera la magazi abwino: pamwamba pali makolo ochepa osatha mtundu, pansi pali unyinji wa ana amene amadzaza magazi n'kudwalitsa munthu, koma paokha sangapitirize matenda mpaka kalekale.

Amene munalimbanapo ndi chulu chomera pafupi ndi nyumba mukumva msanga zimene ndikunena. Mutha kugumula chulu, kuthira mankhwala, chiswe n'kufa mbwee pabwalo ponse. Mukapanda kukumba mpaka kupeza manthu m'kachipinda kake kadothi lolimba kuja, pakapita nyengo chulu chimameranso pomwepo. Chiswe chimene chimadya denga ndi chimene timachiona, koma sichibereka. Wobereka sitimuona, ndipo iye sadya denga.

Tipume kaye ndi kanyimbo, tikabwerako tione chifukwa chake mankhwala amamuphonya manthu ameneyu.

[Nyimbo]

Tabweranso, omvera, ndipo tikukamba za khansa ya m'magazi. Mankhwala ambiri a khansa, amene timawatcha kemo, anapangidwa kuti azipha selo limene likugawikana. N'chifukwa chake tsitsi limathothoka ndipo m'kamwa mumatuluka zilonda, popeza maselo a malo amenewo amagawikana mofulumira. Tsono mukumbukire tulo tija. Selo loyambitsa khansa likakhala lagona m'ngodya ya fupa, lotchingidwa ndi maselo ena a m'menemo, mankhwala amadutsa osalikhudza. Ena mwa maselowa ali ndi timapampu pakhungu lawo totulutsira mankhwala kunja. Ndipo maikulosikopu ili ndi malire. Dokotala akanena kuti khansa sikuoneka, akutanthauza kuti pa maselo amene wawaona sanapezepo okwanira kutchedwa matenda. M'thupi lonse mungathe kutsalabe mamiliyoni. Sananame ayi. Wanena zimene chida chake chamuonetsa.

Chitsanzo chomveka bwino kwambiri ndi cha CML. Mu 1960 Peter Nowell ndi David Hungerford ku Philadelphia anaona kuti maselo a odwala CML ali ndi kromozomu imodzi yaifupi modabwitsa. Mu 1973 Janet Rowley wa ku Chicago anapeza chimene chinachitika: kromozomu nambala 9 ndi nambala 22 zinaduka n'kusinthana zidutswa. Polumikizirana pake pamabadwa jini yachilendo yotchedwa BCR-ABL, imene imalamula selo kuti lizingogawikana osaleka. Mu 2001 anavomereza piritsi lotchedwa imatinib, lodziwikanso kuti Glivec, limene Brian Druker wa ku Oregon analimbikira kuliyesa pa odwala. Piritsili limatseka lamulo lija. Matenda amene ankapha anthu m'zaka zochepa anasanduka matenda okhala nawo, munthu n'kumamwa piritsi tsiku ndi tsiku, kumagwira ntchito, kulera ana mpaka kukalamba.

Koma mu 2002 gulu la Tessa Holyoake ku Glasgow linaonetsa kuti maselo oyambitsa CML amene ali m'tulo safa ndi imatinib. Madokotala a ku France anafuna kuona tanthauzo la zimenezi pa anthu enieni. Anasankha odwala 100 amene kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo makina amphamvu kwambiri sankapezanso chizindikiro cha khansa m'magazi mwawo, n'kuwasiyitsa mankhwala uku akuwayeza pafupipafupi. Zotsatira zinatuluka mu 2010. Pafupifupi 6 mwa 10 alionse khansa inayambanso kuoneka, ambiri miyezi 6 isanathe. Mwamwayi atayambiranso kumwa, inagonjanso. Otsalawo, pafupifupi 4 mwa 10, anakhala bwinobwino popanda mankhwala, ndipo chimenechi n'chinthu chachikulu. Koma taonani kuti awa anali anthu osankhidwa mosamala, oyezedwa mwezi ndi mwezi ndi makina amene amaona selo limodzi pakati pa maselo masauzande ambirimbiri. Ngati muli pa mankhwala amenewa, kapena mukusamalira amene akumwa, kumva bwino m'thupi si chilolezo chosiyira. Mwana wa ALL nayenso amapatsidwa mankhwala kwa zaka ziwiri kapena kuposa, ngakhale magazi ake amayera m'mwezi woyamba. Miyezi yonse yotsatirayo ndi yosaka zimene maso sakuziona. Ndikudziwa kuti thiransipoti yopitira kuchipatala ndi yodula, ndipo mwana akamasewera mpira mtima umati basi wachira. Pamenepo m'pamene ambiri amatayika.

Funso lina ndi lakuti selo loyamba lija linaonongeka liti. Apa pali nkhani imene ineyo imandidabwitsa koposa zonse. Mel Greaves, wa pa Institute of Cancer Research ku London, anathera zaka zambiri akufufuza mapasa ofanana amene onse awiri anadwala khansa ya m'magazi. Kromozomu ikaduka n'kulumikizana molakwika, malo enieni odukirawo amakhala osiyana kwa wodwala aliyense. Koma pa mapasa amenewa malowo anali amodzimodzi. Tanthauzo lake n'lakuti cholakwikacho chinachitika kamodzi, mwa mwana mmodzi ali m'mimba, ndipo maselo ake anawolokera kwa mnzake kudzera mu nsengwa imene ankagawana. Pa mapasa ena, mmodzi anadwala ali ndi zaka 5, mnzake ali ndi zaka 14. Selo lija linakhala chete m'mafupa mwa mwana wachiwiriyo zaka zonsezo.

M'mayiko ambiri a ku Ulaya mwana akabadwa amamubaya kachidendene n'kudontheza magazi pakapepala kuti ayeze matenda ena obadwa nawo, ndipo timapepalato amatisunga. Greaves ndi anzake anakatenga timapepala ta ana amene anadzadwala khansa patapita zaka, n'kupeza kuti mwa ambiri chizindikiro cha khansayo chinalimo kale m'dontho la magazi la sabata yobadwa. Kenako mu 2002 anayeza magazi a mumchombo wa makanda athanzi. Pafupifupi khanda limodzi mwa 100 alionse linali ndi maselo okhala ndi cholakwika chimene chimapezeka kawirikawiri mu ALL ya ana. Komatu ana amene amadwaladi mtundu umenewu ndi ochepa kuwirikiza pafupifupi ka 100. Ndiye kuti mwa ana 100 obadwa ndi cholakwikacho, 99 sadzadwala konse. Cholakwika chimodzi sichikwanira. Pamafunika chachiwiri, mwina chachitatu, chigwere m'selo lomwelo kapena mwa zidzukulu zake.

Kwa akuluakulu nkhani ndi yofanana, koma imayenda ndi msinkhu. Nthawi iliyonse selo likamakopera DNA yake pamatha kulowa kacholakwika, ndipo maselo oyambitsa, poti amakhala nafe moyo wonse, amasunga zolakwikazo chaka ndi chaka. Zambiri zilibe vuto. Koma china chikagwera pa jini ngati DNMT3A kapena TET2, selo limenelo limayamba kuposa anzake pobereka, ngakhale magazi amene likupanga ndi abwinobwino. Mu 2014 magulu awiri a ofufuza anayeza magazi a anthu masauzande ambiri amene analibe khansa ya m'magazi. Mwa anthu osafika zaka 40 zimenezi zinali zosowa kwambiri, koma mwa opitirira zaka 70 pafupifupi mmodzi mwa 10 anali nazo. Mwa anthu oterewa, amene amadwala khansa ya m'magazi pa chaka ndi pafupifupi mmodzi mwa 100 kapena kucheperapo. Chaka chomwecho gulu la Dick linapeza maselo oterewa mwa odwala AML: maselo oyambitsa okhala ndi cholakwika choyamba chokha, osati khansa yeniyeni, ndipo kemo sankawachotsa.

Pali zinthu zimene zimachulukitsa zolakwikazi. Mabomba a atomiki atagwa ku Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945, khansa ya m'magazi sinabwere sabata yomweyo. Chiwerengero chinayamba kukwera patapita zaka ziwiri kapena zitatu, n'kufika pachimake chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Mankhwala otchedwa benzene, amene amapezeka mu petulo ndi mu utsi wa fodya, amadziwika kuti amayambitsa AML, ndipo anyamata opopa petulo ndi pakamwa kapena osamba m'manja ndi petulo pagalaja ayenera kulimva limeneli. Ana obadwa ndi Down syndrome ali pachiopsezo chachikulu kuposa anzawo. Kemo wochizira khansa ina nayenso nthawi zina amasiya chilema m'maselo oyambitsa. Koma kunena zoona, kwa odwala ambiri palibe chimene munthu angaloze. Mayi sanadye cholakwika ali woyembekezera, bambo sanalakwire mwambo, ndipo palibe agogo amene akumupopa mwanayo magazi usiku. Magazi akutha chifukwa kumene amapangidwa kwadzaza maselo osagwira ntchito. Matendawa sapatsirananso, mutha kudya mbale imodzi ndi wodwala.

Tsopano ndichenjeze, chifukwa nkhani yokoma imakonda kukokomezedwa. Dick atatulutsa zake, ofufuza anathamangira kukasaka maselo oyambitsa m'khansa zina. Mu 2003 gulu la Michael Clarke ku University of Michigan linalengeza kuti lawapeza m'khansa ya m'mawere, ndipo la Peter Dirks ku Toronto linawapeza m'zotupa za mu ubongo. Manyuzipepala analemba ngati kuti chinsinsi cha khansa yonse chaululika. Koma mu 2008 gulu la Sean Morrison, ku Michigan komweko, linayesa khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma pogwiritsa ntchito mbewa zopanda chitetezo kuposa zoyamba zija. Pafupifupi selo limodzi mwa anayi alionse linayambitsa chotupa. Pamenepo sungalankhulenso za kagulu kochepa kobisala. Zinaonekanso kuti chiwerengero chimene wofufuza amapeza chimadalira mbewa imene wagwiritsa ntchito, popeza selo la munthu likalephera kumera m'mbewa, mwina vuto ndi mbewayo. Ngakhale mu AML momwemo, chizindikiro cha CD34 ndi CD38 chija sichigwira kwa odwala onse. Ofufuza ena anaonetsanso kuti selo limene linayamba kale kukhwima lingathe kubwezeredwa mphamvu za kholo ndi jini imodzi yoipa. Ndipo mu 2012 gulu la Timothy Ley ku St. Louis, litawerenga DNA yonse ya khansa ya odwala asanalandire mankhwala ndiponso itabwerera, linapeza kuti yobwererayo imakhala itasintha, itatola zolakwika zatsopano. Maganizo anga ndi akuti pa AML ndi CML umboni wa maselo oyambitsa ndi wolimba, koma amene angakuuzeni kuti khansa iliyonse imayenda choncho wapitirira pamene umboni walekezera.

Ndipatuke pang'ono, poti mawu akuti stem cell afika kale m'matauni mwathu kudzera khomo lina. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pali anthu ogulitsa timapaketi ta ufa tolembedwa mawu amenewa, amati timachiza khansa, shuga, BP, ngakhale kusabereka, ndipo mtengo wake ndi woti banja ligulitse mbuzi. Ufa wothira pansi pa lilime kapena m'madzi si selo lamoyo la munthu, ndipo sungalowe m'fupa kukapanga magazi. Chithandizo chenicheni chogwiritsa ntchito maselo oyambitsa ndi chija E. Donnall Thomas anachiyambitsa ku America n'kulandira nacho mphoto ya Nobel mu 1990. Amapha mafuta a m'mafupa a wodwala ndi mankhwala amphamvu, n'kumuthira maselo a munthu wina wogwirizana naye thupi, kawirikawiri m'bale wake wa bere limodzi. Chitetezo chatsopanocho chimasaka maselo a khansa otsala, ogona ndi odzuka omwe. Ndi chithandizo choopsa, chotenga masabata ambiri m'chipinda chotetezedwa, ena amafa nacho, ndipo odwala akwathu ochifuna amayenera kupita kunja, monga ku South Africa kapena ku India.

Kodi ilipo khansa ya m'magazi imene anaigonjetsa mpaka pa gwero popanda zonsezi? Ilipo. Mtundu wina wa AML wotchedwa APL unali woopsa kuposa ina yonse, munthu ankatha kufa m'masiku ochepa chifukwa chotaya magazi. Ku Harbin m'dziko la China, m'zaka za m'ma 1970, dokotala Zhang Tingdong anafufuza mankhwala ena akumudzi n'kupeza kuti chimene chikugwira ntchito m'menemo ndi arsenic, poizoni wodziwika. Ku Shanghai m'zaka za m'ma 1980, Wang Zhenyi anayesa mankhwala ochokera ku vitamini A otchedwa ATRA, amene sapha maselo a khansa koma amawakakamiza kukhwima, ndipo akakhwima amafa okha ngati maselo ena onse. ATRA payekha ankayeretsa magazi, koma matenda ankabwerera. Ataphatikiza awiriwa, anapeza kuti amaphwanya puloteni yeniyeni imene imasunga maselo oyambitsa khansayo. Kafukufuku wa ku Italy ndi Germany wa mu 2013 anaonetsa kuti odwala oposa 9 mwa 10 a gulu losaopsa kwambiri amachira popanda kemo wamba. Onani kuti mankhwala akumudzi aja sanangokhulupiriridwa. Anasefedwa, anayezedwa mlingo, anayesedwa pa odwala ambiri poyera.

Pa mitundu ina ya AML ulendo udakali wautali. Mankhwala otchedwa venetoclax, amene anavomerezedwa ku America mu 2018 kwa okalamba osatha kupirira kemo wamphamvu, amaoneka kuti amakhudza maselo oyambitsa powatsekera njira imene amapezera mphamvu. Pa kafukufuku wamkulu wa mu 2020, theka la odwala amene analandira venetoclax pamodzi ndi mankhwala ena otchedwa azacitidine linakhala ndi moyo kupitirira miyezi 14.7, pamene kwa olandira azacitidine yekha inali miyezi 9.6. Ndi phindu lenileni, koma ndi la miyezi, ndipo aliyense wolankhula za mankhwalawa ayenera kutchula nambala zonse ziwiri.

Kwathu kuno vuto loyamba limabwera nkhani ya maselo obisala isanayambe n'komwe. Mwana wotentha thupi, woyezuka, wotupa kapamba, aliyense amati ndi malungo, ndipo nthawi zambiri amakhaladi malungo. Amalandira mankhwala a malungo a LA, mwina amuthira magazi, apeza bwino masabata awiri, kenako ayambiranso. Bungwe la WHO limati m'mayiko olemera ana oposa 80 mwa 100 odwala khansa amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka safika 30 mwa 100, ndipo zifukwa zikuluzikulu ndi kuchedwa kuzindikira matenda ndi kusiyira mankhwala panjira. Choncho mwana akamatentha thupi mobwerezabwereza koma poyeza malungo osapezeka, akamatha magazi kawirikawiri, akamadandaula mafupa mpaka kukana kuyenda, akatuluka anabere osaphwa, kapena nkhama zikamatuluka magazi popanda chifukwa, pemphani kuti amuyeze magazi onse, kuyeza kuja amati full blood count, ndipo wina awaone pa maikulosikopu. Zikakayikitsa, pemphani kalata yopitira kuchipatala chachikulu. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli madokotala a khansa ya ana, ndipo anzathu a ku Zambia ali ndi Cancer Diseases Hospital ku Lusaka.

Wodwala akayamba kemo, mafupa ake amakhala masabata angapo osapanga magazi okwanira, chifukwa mankhwala agwetsa maselo abwino pamodzi ndi oipa, ndipo maselo oyambitsa abwino aja amafuna nthawi kuti adzuke n'kudzazanso m'fupa. M'masabata amenewo munthu amakhala ndi moyo chifukwa cha magazi ndi mapulateleti a anthu ena. Mapulateleti sasungika kupitirira masiku ochepa, ndiye amafunika opereka atsopano sabata iliyonse, makamaka nthawi ya tchuthi pamene ana asukulu, amene amapereka magazi ambiri kuno, ali kumudzi. A Malawi Blood Transfusion Service amalandira munthu wathanzi aliyense wa msinkhu woyenera, ndipo mafupa anu amabweza magazi amene mwaperekawo m'masabata ochepa.